Tinafika ku Cobué thanga litapindidwa

Ukaima pagombe la Likoma, mapiri a ku Mozambique amaoneka ngati ali pakhomo pomwepa. Koma tsiku limenelo mwera unali utazima, ndipo bwato lathu la thanga linkangokwawa pamadzi. M'menemo munali amayi awiri ndi katundu wawo wa sopo ndi shuga, ine ndi chikwama changa, ndi bambo wina wachikulire wachipewa chaudzu, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Metangula, tauni ya ku Mozambique.

Titayandikira mchenga wa Cobué, mudzi wa tsidya la Mozambique, mnyamata woyendetsa anamasula chingwe. Thanga lija, la zigamba zokhazokha, linatsika n'kukhwinyata, iye n'kuyamba kulikulunga pa mtengo wake, mkono ndi mkono, osapupuluma.

"Chegámos," anatero bambo aja. "Tafika, mwana wanga. Waona zimene wachita mnyamatayo? Mawu amene ndanenawa ndi zomwezo."

Ndinawapempha kuti amasule. Anati mneni wa Chipwitikizi chegar, kufika, anachokera ku mawu a Chilatini akuti plicare, kutanthauza kupinda. Ambiri amafotokoza kuti amalinyero akale akafika padoko ankapinda matanga, ndiye m'kupita kwa nthawi kupindako kunangokhala kufika kumene. Ndinakumbukira kuti nafenso mawu akuti malinyero tinabwereka kwa Apwitikizi omwewo, kuchokera ku marinheiro.

Chinandivuta ndi chakuti plicare ndi chegar sakufanana n'komwe. Bamboyo anatola kamtengo n'kulemba pamchenga wonyowa: pluvia, chuva, mvula. Plenus, cheio, chodzaza. Plorare, chorar, kulira. M'mawu ngati amenewa pl wa Chilatini anasanduka ch pakamwa pa anthu a ku Portugal, pomwe ku Spain anakhala ll, n'chifukwa chake iwo amati llegar. Funde linabwera n'kunyambita theka la mawuwo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Romania. Kumeneko plicare yemweyo anabala mawu akuti pleca, kutanthauza kuchoka. Amati anthu a kumtunda amapinda mahema ponyamuka, pomwe a kunyanja amapinda matanga pofika. Muzu umodzi, ana awiri oyang'ana kosiyana!

Tinakadinditsa mapasipoti, kenako ndinakwera kukaona tchalitchi chakale cha Akatolika chimene makoma ake akali ndi zipsera za nkhondo. Nditaima pamenepo ndinaona bwato lathu pansipo, thanga lili chikulungire. M'mawa mwake mwera unadzuka, mnyamata uja analitambasula, ndipo bambo aja anatsala pagombe akutikupizira chipewa.