Henry Balfour, nkhono yomwe inasanduka mbalame ndi uta wa mlenje

Henry Balfour anagwira ntchito pamalo amodzi kwa zaka zoposa 50. Analowa mu Pitt Rivers Museum, nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya anthu osiyanasiyana ku Oxford, mu 1885 ali mnyamata wa zaka 22, atangomaliza maphunziro a zinyama pa Trinity College, ndipo imfa inamupeza mu 1939 akadali woyang'anira nyumbayo. Anamuitanira ganyu ya kanthawi kochepa, yomasula ndi kusanja zinthu pafupifupi 20,000 zimene General Augustus Pitt Rivers anapereka ku yunivesite mu 1884. Ganyuyo ndi yomwe inadya moyo wake wonse.

Ine ndimaphunzitsa ana nyimbo kuno ku Mangalande, ndipo dzina la mkuluyu ndinalidziwa chifukwa cha zoimbira. Ukalowa mu myuziyamu imeneyi umadzera m'nyumba ina ya mafupa a zinyama zakale, kenako umatsikira m'chipinda chachikulu chamdima pang'ono, chodzaza makabati agalasi mothithikana. Zinthu sanazisanje potsata mayiko ayi. Misampha ili pamodzi ndi misampha inzake, nyale ndi nyale, zopekera moto ndi zopekera moto, kaya zinachokera ku Asia, ku Africa kapena m'midzi ya ku England komweko. Pa zinthu zambiri pamangiriridwa timapepala ting'onoting'ono tolembedwa ndi inki yakuda, zilembo zake zazing'ono moti umachita kugunditsa mphuno pagalasi kuti uwerenge. Tambiri mwa timapepalati ndi dzanja la Balfour. Ndikamationa ndimaganizira maola amene munthuyu anakhala chowerama, kulemba dzina la chinthu, kumene chinachokera, amene anabwera nacho ndi chaka chake.

Mabuku sanalembe ambiri. Odziwika ndi awiri, ndipo onse ndi aang'ono. Loyamba, The Evolution of Decorative Art, linatuluka mu 1893, ndipo muli kanthu kamene ndimakakonda kwambiri. Balfour anajambula nkhono ikukwawa pa kanthambi, n'kupatsa munthu wina kuti atengere. Chojambula cha munthu uja anapatsa wina, yemwe sanaone choyamba chija, kenako winanso, mpaka anthu angapo. Aliyense ankayesetsa kutengera mokhulupirika, koma aliyense ankasintha pang'ono mosadziwa. Pofika kumapeto, nkhono ija inali itasanduka mbalame. Iye ankafuna kusonyeza kuti zokongoletsa za pa mbiya, pa nsalu kapena pa zosema zimatha kuyamba ngati chithunzi cha chinthu chenicheni, n'kumasintha dzanja ndi dzanja mpaka mwini wake osadziwanso kuti mizere imene akulembayo inali nyama kalekale. Ndinayesa zimenezi ndi ana anga a m'kalasi, koma ndi nyimbo: woyamba ndinamuimbira kachidutswa kumbali, iye n'kukaimbira mnzake. Yomwe inatuluka kwa womaliza inali nyimbo ina, yokoma ndithu, ndipo anawo anakana kwamtuwagalu kuti asintha kanthu.

Buku lachiwiri ndi limene limandikhudza mtima. The Natural History of the Musical Bow, la mu 1899, likunena za zoimbira za nsambo imodzi zooneka ngati uta. Maganizo a Balfour anali akuti mlenje anamva kulira kwa nsinga ya uta wake, n'kuyamba kuiimba pofuna kudzisangalatsa. Wina anaika uta pakamwa kuti mawu akule. Wina anamangirirapo chikho. Wina anawonjezera nsambo, ndipo pang'ono ndi pang'ono panabadwa zeze wa nsambo zambiri. Anasonkhanitsa zitsanzo za ku Africa, ku India, ku zilumba za m'nyanja ya Pacific ndi ku America, n'kuziika mundondomeko monga mmene aphunzitsi ake ankasanjira mafupa a nyama.

Agogo anga aakazi ku Ntcheu ankaimba mkangala. Linali bango lopindika pang'ono, nsambo imodzi, mbali ina ya bangolo ataigunditsa pamilomo. Chala chimodzi chinkakhwatcha nsambo, china n'kumaigwira ndi kuisiya, koma nyimbo yeniyeni inkachokera m'kamwa. Ankasintha kukula kwa m'kamwa ndi malo a lilime, ndipo pamwamba pa mawu awiri kapena atatu a nsambo ija pankamveka timawu tina topyapyala tomwe tinkayenda patokha. Ukakhala patali sunkamva kanthu. Unkayenera kukhala pamphasa pomwepo, phewa ndi phewa. Ankati ankaimba kwambiri nthawi imene agogo aamuna anali ku migodi ku Joni.

Apa ndi pamene ine ndi Balfour timasiyana. Kwa iye, choimbira ngati chimenechi chinali sitepe yoyamba ya makwerero, chotsalira cha ubwana wa mtundu wa anthu, chofunika chifukwa chikutiuza kumene zeze anachokera. Ankakhulupirira, monga Pitt Rivers ndi Edward Tylor, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu ku Oxford, kuti anthu ena anatsalira m'mbuyo ndipo ukawayang'ana ukuona mmene makolo a Azungu ankakhalira. Koma agogo sankayesa kupanga zeze n'kulephera. Ankafuna choimbira cha mawu apansipansi, choti mzimayi adziimbire yekha za mumtima popanda mudzi wonse kumva, ndipo mkangala unkachita zimenezo bwino lomwe. Ndaphunzira nyimbo za pamanoti zaka zambiri, koma timawu ta m'kamwa tija sindinathe kuwatulutsa mmene iwo ankachitira. Luso lotere silingakhale poyambira.

Komabe sindingamutaye mkuluyu, chifukwa maso anali nawo. Pa nthawi imene Azungu ambiri ankati zoimbira zathu ndi phokoso chabe, iye ankazitenga m'manja, kuziyeza, kuzijambula ndi kufunsa mmene zimalirira. Mu 1902 analemba za gora, uta wa kumwera kwa Africa umene umalira ndi mpweya wouzira pa nthenga yomangidwa kunsambo. Mu 1907 analemba za ng'oma zimene siziombedwa koma zimalira ukamapukuta kamtengo kapena chingwe cholowa pachikopa, ndipo anasonyeza kuti zimapezeka ku Africa komanso ku Spain, ku Italy ndi ku Netherlands. Atonga a ku Zambia ali nayo yawo, namalwa. Sanangokhala muofesi ayi. Mu 1905 anabwera kumwera kwa Africa ndi gulu la asayansi la British Association, ulendo womwe mlatho wa pa Victoria Falls unatsegulidwa, ndipo iye anatola zida zamiyala zakalekale m'mbali mwa Zambezi n'kuzilemba chaka chotsatira. Mu 1922 anakafika kumapiri a anthu a mtundu wa Naga ku India. Mabuku ake a paulendo, odzaza zojambula za mbalame, mabwato ndi zipangizo, akusungidwa mu myuziyamu momwemo. Anzake anamulemekeza: analowa mu Royal Society, bungwe la asayansi otchuka, mu 1924, ndipo anatsogolera Royal Geographical Society kuyambira 1936 mpaka 1938.

Chimene chimandipweteka ndi timapepala tija. Timapepalati timatchula mtsamunda, mmishonale kapena msilikali amene anabweretsa chinthu, koma wosema, woumba kapena woimba nthawi zambiri alibe dzina, wangolembedwa mtundu wake basi. Zina mwa zinthuzo zinagulidwa, zina zinali mphatso, zina zinachita kulandidwa pankhondo. Oyang'anira a masiku ano ayamba kuikonza nkhaniyi. Mu 2020 anachotsa pagalasi mitu ya anthu youmitsidwa ya Ashuar a ku South America pamodzi ndi ziwalo zina za anthu, ndipo akhala akulandira nthumwi za Amasai zodzaona katundu wa makolo awo ndi kunena zoyenera kuchita naye.

Mndandanda wa katundu wa myuziyamuyi uli pa intaneti, ndipo aliyense atha kufufuzamo. Polemba, yesaninso maina akale a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, chifukwa ndi amene osonkhanitsa a nthawi imeneyo ankalemba. Ndipo ngati kwanu kuli azakhali kapena agogo amene akuimbabe mkangala kapena kalumbu, ajambuleni pafoni, muwafunse dzina lawo lonse, mudzi wawo, amene anawaphunzitsa ndi kumene amadula bango.