Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chodyetsa maselo

Paja gawo lathali ndinalekezera pamene ndinafika ku Cape Town kukachita digiri yachiwiri. Aphunzitsi anga anandipatsa ntchito yofufuza mapuloteni otchedwa sirtuin.

M'thupi mwathu alipo 7, kuyambira SIRT1 mpaka SIRT7. Anayamba kudziwika mu yisiti, yomwe ija yofufumitsira buledi. Mu 2000 gulu la Leonard Guarente ku yunivesite ya MIT ku America linapeza kuti sagwira ntchito popanda NAD+, kanthu kamene selo limadalira posandutsa chakudya kukhala mphamvu. Ndiye kuti selo likakhuta kapena likamva njala, iwo amadziwa.

Ntchito yanga inalibe Lamulungu. Ndinkapita ku labotale kukasintha madzi ofiirira m'timbale momwe tinkaweta maselo a khansa. Ukachedwa pang'ono, madziwo umawapeza atasanduka achikasu ndi asidi, chifukwa maselowa ndi osusuka, amameza shuga mosaleka. Wasayansi wa ku Germany Otto Warburg anaziona kale zimenezi m'zaka za m'ma 1920. Amene amathandiza kuletsa dyera limeneli ndi SIRT6. Kafukufuku wa mu 2012 anasonyeza kuti akasowa, chotupa chimakula mwaukali.

Wondisowetsa tulo anali SIRT1. Amafooketsa p53, puloteni imene imalamula selo lowonongeka kuti lidziphe, choncho khansa imapezerapo mpata. Koma m'mbewa zina yemweyo anachepetsa zotupa za m'matumbo. Ali ngati mlonda amene lero wagwira wakuba, mawa wamutsegulira geti.

Ndili pa ntchito imeneyi, azakhali anga anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero. Msuweni wanga anandiimbira foni kuchokera ku Ndirande.

"Asisi, pa Facebook akugulitsa mapiritsi a resveratrol, akuti amadzutsa ma sirtuin anuwo. Tigule?"

Ndinamuuza kuti mu 2008 kampani ya GlaxoSmithKline inagula kampani ya Sirtris, yomwe inkapanga mankhwala a resveratrol, ndi madola 720 miliyoni chifukwa cha chiyembekezo chomwecho. Mu 2010 anasiya kuyesa mankhwalawo pa odwala khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ena atadwala impso. Nanga wa pa Facebook akudziwa chiyani choposa iwowo?

"Ndalamazo sungani zoyendera kuchipatala, asadumphe tsiku," ndinatero.

Anakwiya, akuti sukulu yandiumitsa mtima. Tinatha nthawi osalankhulana, mpaka mayi anga analowererapo. Za mlandu umenewo ndikusimbirani m'gawo likubwerali.