Tsiku lomwe ndinapita kukalanda nyumba yathu

Kubanja kwathu aliyense anakula akudziwa kuti kale tinali ndi nyumba kumayadi. Umboni unalipo: chithunzi chakale chodyedwa ndi mphemvu m'mphepete, chosungidwa m'sutikesi pamodzi ndi makhadi a ubatizo. Pachithunzipo malemu agogo aamuna aima pamasitepe a chinyumba cha njerwa zootcha, khonde lozungulira, machumuni awiri padenga. Avala jekete ndi tayi, dzanja lamanja lagwira njinga ya Raleigh, lamanzere lili m'thumba, nkhope ya munthu amene sanagogodedwepo ndi landilodi.

Chonsecho tonsefe tinabadwira ku Ndirande, m'nyumba yoti mvula ikayamba mumathamangira mabeseni. Ukafunsa kuti nanga chinyumba chija chinapita kuti, akuluakulu ankangoti, "Zinachitika." Amalume a ku Joni ndiwo ankamalizitsa nkhaniyo: tinalandidwa.

Ntchito itandithera chaka chatha, ndinalengeza pagulu la banja la WhatsApp kuti nyumbayo ndikaipeza. Amalume anatumiza ndalama tsiku lomwelo, ati ya mayendedwe ndi ya loya. Azakhali a ku Bangwe anasankhiratu chipinda choyang'ana kum'mawa, pa chifukwa cha nyamakazi.

Kafukufuku ndinamuyamba mwaukatswiri, musandiderere. Kuseri kwa chithunzi kunalembedwa 2/6 ndi pensulo, masheleni awiri ndi theka, ndiye kuti kwacha inali isanabwere, paja inayamba mu 1971. Envelopu yake inali ndi sitampa ya mutu wa Mfumukazi yolembedwa Rhodesia and Nyasaland, kusonyeza nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963. Chinandivuta ndi phiri looneka kumbuyo kwa denga. Linali lodzaza mitengo mpaka pansonga, pomwe mapiri ambiri a m'Kabula lero anametedwa mpala. Amalume ankati ndi Ndirande, azakhali Michiru, msuweni wina amene sanafikepo ku Blantyre kuno n'kumalimbikira kuti ndi Mulanje.

Ndinatengera nkhaniyi ku Mandala House, nyumba ija ya African Lakes yomangidwa mu 1882, kumene m'mwamba mwake a Society of Malawi amasungamo mabuku ndi zithunzi zakale. Bambo wina amene ndinamupeza akuwerenga anayang'ana chithunzicho pang'ono chabe n'kuti, "Ili ndi Soche. Nyumba zamakonde otere kafufuzeni cha ku Sunnyside." Ndinatsika masitepe a matabwa aja ndikudzimva. Tauniyi anaiyamba amishoni a ku Scotland mu 1876, tchalitchi cha St Michael chinatha mu 1891, kenaka pamndandanda womwewo pakubwera ife.

Ku Sunnyside ndinapita nditavala suti ya ukwati wanga, poti munthu sakalandira chuma atavala jini. Vuto la kumayadi masiku ano ndi mipanda. Agogo anajambulitsa nthawi yomwe malire anali maluwa, koma pano ndi njerwa zotalika kuposa munthu, pamwamba mabotolo oswa kapena waya wamagetsi. Ndinayenda msewu ndi msewu ndikusuzumira m'mipata ya mageti, mpaka ndinawaona: machumuni awiri, Soche ali kumbuyo ndendende.

Ndikanagogoda. Koma ndinafuna nditsimikize kaye masitepe, ndipo kunja kwa mpanda kunali mtengo wa mango, nthambi yake yolowera m'kati. Ndinakwera, chithunzi ndaluma kukamwa, foni m'dzanja. Masitepe anali omwewo, asanu, lachitatu lobenthuka pakona. Ndikuti ndijambule, nthambi inangoti thyo! Ndinafika pamalo a makolo anga chagada, m'bedi la tanaposi.

Woyamba kundilandira anali galu. Sanauwe n'komwe, anangogwira thalauza kumbuyoku n'kuchotsapo gawo lake. Wachiwiri anali mlonda, chibonga m'mwamba, wezulo pakamwa.

"Akuba a masiku ano mpaka tayi?"

"Achimwene, pepani, ine ndine mdzukulu wa eni nyumba ino."

"Nyumba ino ndi ya kampani. Kampani ili ndi adzukulu?"

Anandikhazika pansi, nsapato atandivula, akuimbira abwana ake. Mwamwayi kunatulukira madala ena a m'dimba, imvi mbuu, kudzaona amene wawaphera ndiwo. Ndinawapatsa chithunzi ndi manja awiri. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, kenaka anayamba kuseka mpaka kutsamira wilibala. Osanena kanthu analowera kuseri, n'kubwera ndi Baibulo. M'kati mwake anasololamo chithunzi.

Masitepe omwewo. Njinga yomweyo. Jekete yomweyo, koma itavalidwa ndi munthu wamfupi, mkono wake utameza zala. Dzanja lamanzere m'thumba.

"Awa ndi bambo anga," anatero. "Agogo akowo ndimawakumbuka bwino, ndinali kamnyamata. Anali akhukhi a pano."

Nkhani yake inali yotere. Bwana ndi dona akapita kokapuma ku Zomba, akhukhi ankaitana wojambula. Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, pano pankakhala mzere: a ku Ndirande, a ku Chilomoni, ena otsika kumene basi pa Wenela ofuna kuonetsa kumudzi kuti ku migodi zinayenda. Kuima pamasitepe tiki, jekete tiki ina, kugwira njinga tiki yachitatu, koma yokhayo inkapita kwa mesenjala, mwini njinga.

Ndinafunsa za dzanja la m'thumba, poti kwathu timati ndi kaimidwe ka mtundu wathu, ndipo amalume amaima choncho pa maukwati onse.

"Jeketeyo anaiwotcha ndi simbi yamakala pamkono," anatero madala aja. "Ndi chifukwa chake bwana anawapatsa. Aliyense ankauzidwa kuti abise."

Mlonda anaseka mpaka anandibwezera nsapato. Tanaposi ndinalipira ndi ndalama ya loya. Ndinatuluka pageti jekete nditamanga m'chiuno, ndipo wakabaza amene ananditenga anandipempha kuti ndiyale kaye pepala pampando.

Kunyumba ndinapeza agogo aakazi ali pakhonde akusankha nyemba. Zaka zapita, koma mutu ulipo wonse. Ndinakhala chammbali, mwendo umodzi, n'kuwafotokozera zonse pang'onopang'ono, kuopa kuti mtima ungawavute.

Sanasiye n'kusankha komwe.

"Ukundiuza ine? Chithunzi chimenecho anatumiza kwathu ku Ntcheu pondifunsira. Mudzi wonse unachiona. Ndinakwera sitima pa Balaka anzanga akulira ndi nsanje. Titafika, anandidutsitsa pamasitepe pomwepo, kuzungulira khonde lonse, mpaka kukachipinda koyandikana ndi khola la nkhuku."

"Nanga agogo, bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Unandifunsa? Unafunsa amalume ako." Anapeta lichero kawiri. "Ya loyayo yatsalako zingati? Shuga watha muno."