Mmene ndinasankhira kalavani yopita nayo ku ulenje m'mapiri a Colorado

Ku Colorado, m'dziko la America, nyengo yosaka elk ndi mfuti imagwa mu Okutobala ndi Novembala. Elk ndi nyama ya nyanga zanthambinthambi, yaikulu ngati ng'ombe, ndipo imakonda m'mapiri otalika mamita 2,500 mpaka 3,000, komwe kulibe mpopi, kulibe magetsi, kawirikawiri ngakhale netiweki ya foni. Usiku kumazizira mpaka madzi kuundana m'chigubu. Anzanga amene anandiphunzitsa ulenje kuno amagona m'matenti aakulu okhala ndi chitofu cha nkhuni. Ine ndinkafuna pogona pouma poti ndikafika usiku nditatopa ndingotsegula chitseko, choncho ndinayamba kufunafuna kalavani yaing'ono, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto.

Sindinayambire kwa ogulitsa. Ndinayambira pa msewu. Nkhalango zaboma monga White River National Forest zimalola munthu kumanga msasa kwaulere kunja kwa malo okonzedwa, kwa masiku osapitirira 14 pamalo amodzi, koma galimoto imayenda m'misewu yokhayo imene ili pa mapu a Forest Service, nthambi ya boma yoyang'anira nkhalangozi, otchedwa Motor Vehicle Use Map. Ndinatenga mapuwo, ndipo m'chilimwe ndinakayenda misewu ya kudera limene ndimasakako, ndilibe chokoka kumbuyo. Ndinkayang'ana zinthu zitatu: miyala yotuluka pakati pa msewu, ngalande zodutsa msewu zomwe zimagwira kumbuyo kwa ngolo yaitali, ndi malo otembenukira. Chachitatuchi anthu ambiri amachiiwala. Msewu wa m'nkhalango ukhoza kuthera pa mtengo wogwa, ndipo kubweza ngolo chafutambuyo pamtsetse woterera, mdima utagwa, si ntchito yoifuna. Nditabwerako ndinali nditadziwa kale kuti kalavani yopitirira mamita 5 sindiyifuna, ngakhale atandipatsa ulere.

Kenako galimoto. Ogulitsa amakonda kutchula kulemera kumene pikapu ingakoke, chifukwa nambala yake ndi yaikulu ndipo imasangalatsa. Nambala imene imakuletsa ndi ina. Ili pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo imanena katundu yense amene galimoto ingasenze, kuphatikizapo anthu okwera. Pa pikapu zapakati monga Toyota Tacoma nambalayi kawirikawiri siyifika makilogalamu 700. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuchotsera: ine ndi mnzanga, mfuti ndi zikwama, madzi, mafuta, tcheni cha matayala, fosholo. Kalavani nayo imatsamira pa chokokera ndi gawo la kulemera kwake, 10 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo gawo limenelo limawerengedwa ngati katundu wa galimoto. Pobwerera pamawonjezeka nyama. Elk yamphongo ikachotsedwa mafupa imatha kupereka nyama yofika makilogalamu 90, ndipo lamulo la kuno salola kusiya nyama yodyedwa kutchire. Masamu amenewa ndi amene anachotsa pa mndandanda wanga kanyumba kokweza pamwamba pa pikapu. Ndinkakakonda, chifukwa komwe galimoto yapita nako kamafika, koma kakanadya pafupifupi malire onse, ndipo m'mawa uliwonse popita kosaka ndikanamanyamula nyumba yonse n'kusiya malo anga opanda mwini.

Palinso za mtunda. Msewu wa I-70 wochoka ku Denver umakwera mpaka mamita 3,400 pa Eisenhower Tunnel, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 alionse amene wakwera. Kutsika ndiye koopsa kuposa kukwera. Colorado imalamula mabuleki pa ngolo yolemera mapaundi 3,000 kapena kuposa, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 1,360. Ine ndinati ngakhale yanga ikhale yopepuka kuposa pamenepo, ndikufuna ya mabuleki.

Mitundu yotsala ndinaiona mwachangu. Kalavani yopinda ya makoma a lona ndi yotchipa ndiponso yopepuka, koma lona silisunga kutentha, ndipo kulipinda lili ndi chipale chofewa pamwamba kumanyowetsa matiresi. Kangolo kakang'ono kongogonamo, komwe khitchini yake ili panja kumbuyo, n'kabwino m'chilimwe. Mu Novembala, kuvala nsapato zonyowa uli chogona ndi kuphika pamphepo cha m'ma 4 koloko m'mawa n'kuzunzika kopanda chifukwa. Alenje ambiri amagula ngolo yotseka yonyamulira katundu n'kuikamo bedi ndi zotchingira kuzizira okha. Nzeru imeneyi ndimailemekeza, koma ndilibe malo ogwirira ntchito yotere komwe ndimachita lendi. Zinatsala ndi zija zoumbidwa ndi fiberglass, monga Scamp ya mafiti 13 (pafupifupi mamita 4) yopangidwa ku Minnesota ndi Casita ya ku Texas. Munthu wamsinkhu wanga amaimiriramo, denga lake lilibe misoko yambiri yodonthera, ndipo zazing'onozo sizilemera.

Pa nkhani ya madzi m'pamene ndinasiyana ndi aliyense wogulitsa amene ndinalankhula naye. Onse ankandionetsa shawa, chimbudzi chogejemula, thanki lalikulu, pampu. Zonsezo zimadalira mapaipi, ndipo madzi akaundana m'paipi amaiphulitsa. Amene amapita kumapiri mochedwa chonchi amakhetsa madzi onse m'mapaipi asananyamuke, ndiye kuti bafa limene walilipirira limasanduka mosungira katundu, koma ukulikokabe phiri lonse. Ndinasankha yopanda bafa. Madzi ndimanyamula m'zigubu za malita 20, ziwiri zimagona m'kati momwe muli kutentha, zina m'galimoto. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho n'zosavuta kuwerengera. Munthu mmodzi ndimamuwerengera malita 8 patsiku, akumwa, ophikira ndi otsukira mbale, chifukwa pamtunda wotere thupi limauma msanga ngakhale kukuzizira. Kusamba ndi ketulo ya madzi otentha ndi beseni, monga tinakulira. Chimbudzi ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi matumba ake, ndipo zonse timabwerera nazo. Ukakhala kutali ndi msasa umakumba dzenje la masentimita 15 mpaka 20, mamita osachepera 60 kuchokera pa mtsinje.

Chimene sindinalole kunyengerera ndi chotenthetsera. Ndinkafuna hita ya gasi yomangidwira m'kalavani momwemo, imene imakoka mpweya panja n'kutulutsiranso utsi panja. Ife amene tinakulira kumudzi tikudziwa chimene mbaula yamakala imachita m'nyumba yotseka mu Juni: anthu amagona osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo, carbon monoxide, ndipo sununkha. Choncho kachipangizo kochenjeza za mpweyawu ndinagula katsopano, chifukwa tizipangizoti timatha mphamvu pakapita zaka, ndipo kazenera ka padenga ndimakasiya kotsegula pang'ono usiku wonse. Kazenerako kamathandizanso pa chinyontho. Anthu awiri akupuma, zovala zonyowa zili pachingwe, pofika m'mawa makoma amakhala akuchucha.

Chodabwitsa n'chakuti pa hita yotere gasi si amene amayamba kutha. Silinda ya makilogalamu 9 imayendetsa hita yaing'ono kwa maola oposa 25 ikuyaka mosalekeza, ndipo siyiyaka mosalekeza. Chimene chimatha ndi batire, chifukwa fani ya hita imayendera magetsi. Tinene kuti fani ikudya ma amp 4 ndipo yazungulira maola 6 usiku umodzi: apita ma amp-hour (Ah) 24, muyeso wa magetsi osungidwa mu batire. Batire wamba ya 100 Ah suyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi imawonongeka msanga, ndipo kuzizira kumaifoolanso. Ndiye kuti usiku wachiwiri ukatha, wachitatu ugona pozizira. Batire ya lithiamu imapereka pafupifupi mphamvu yake yonse ndipo ndi yopepuka, koma siyenera kutchajidwa kukazizira kufika pa madigiri 0, choncho iyenera kukhala m'kati, osati m'bokosi la panja pa chokokera. Ine ndinaika ya lithiamu pansi pa mpando. Sola sindinaimangirire padenga. Msasa wabwino umakhala m'mitengo pobisala mphepo, ndipo pamenepo denga limakhala pamthunzi. Ndinagula sola yopinda ya chingwe chachitali, imene ndimakaiyala pambalambanda ndisanachoke, itapendekera kumwera komwe dzuwa la kuno limadutsa. Firiji sindiyatsa n'komwe. Kunja kumakhala kozizira kale.

Nditadziwa chimene ndikufuna, ndinayamba kuyang'ana zogwiritsidwapo kale ntchito. Iliyonse imene ndinakaiona ndinkayamba n'kuponda pansi ponse, makamaka pakhomo ndi pansi pa mazenera, kumva ngati thabwa lafewa ndi madzi. Ndinkagona chagada n'kuyang'ana chitsulo cha pansi ngati chili ndi ming'alu pomwe chimapindikira kupita ku chokokera. Pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa chilembo cha DOT, osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Matayala a ngolo amakalamba asanathe mapanga ake, ndiye lopitirira zaka 6 ndinkaliwerengera ngati loti ndisinthe. Ndinkapempha mwini wake ayatse hita ine ndikuona, ndipo ndinkapaka madzi a sopo molumikizira mapaipi a gasi kuona ngati patuluke thovu. Pomaliza ndinkafananitsa nambala ya pa chitsulo ndi ya pa chikalata cha umwini. Wina akayamba kuzengereza pa chikalatacho, ndinkathokoza n'kumapita.

Imene ndinagula inali yakale ndithu, makatani ofwifwa, koma pansi pali gwa. Vuto la mtundu umenewu n'kufupika, mimba imakhala pafupi ndi nthaka. Ndinapita nayo kwa okonza ngolo, anasintha ekiselo n'kuika ina yokweza ndiponso ya mabuleki, matayala okulirapo, ndi girizi watsopano m'mabeling'i. Ndinailembetsa ku ofesi ya galimoto ya m'dera lathu, kenako ndinaipachika zonse za paulendo, zigubu zili zodzaza, n'kukaiyeza pa sikelo ya malole. Kulemera kolembedwa m'kabuku ndi kwa kalavani yopanda kanthu. Kwa pa sikelo ndiye kumene mabuleki adzakumane nako.

Nyengo isanayambe ndinakagonamo pamalo ena okwera koma apafupi ndi tauni, usiku wozizira, kuti ndione batire itsala bwanji m'mawa. Pamenepo ndinasankhanso za nyama: m'kalavani simulowa. Miyendo imapachikidwa m'matumba a nsalu pamthunzi, kutali ndi pogona, kuti izizire, kenako imalowa m'mabokosi a ayezi kumbuyo kwa pikapu. M'mapiri amenewa muli zimbalangondo zakuda, ndipo mu Okutobala zimakhala zikudya kwambiri kukonzekera nyengo yozizira. Sindifuna fungo la magazi pa khoma limene ndatsamirapo mutu. Ndimaimikanso kalavani itayang'ana kotulukira, tcheni chili pafupi, chifukwa chipale chikayamba kugwa usiku pamtunda wotere, mamawa ake msewu umakhala wina.