Malire a mu flash: zimene ndaphunzira mu devicetree ya rauta

Kachipu ka flash, kosunga mapulogalamu ngakhale magetsi atazima, kamene kali mu rauta ya TP-Link TL-WR841N v9 kamasunga ma megabyte 4 okha. Mkati mwake mulibe chizindikiro chonena kuti apa ndi pa bootloader (kapulogalamu koyamba kuyenda rauta ikayaka), apa ndi pa firmware (pulogalamu yaikulu yoyendetsa rauta). Ndi mndandanda umodzi wa ma byte, kuyambira pa adilesi 0 mpaka pa 0x3fffff, basi. Mfundo imeneyi ndi imene yandigwira mtima kwambiri pa maphunziro anga a mwezi uno. Zili ngati munda: nthaka yokha sidziwa pamene pathera gawo la wina, amene amadziwa ndi a mfumu ndi anthu oyandikana nawo. Pa rauta, malirewo amalembedwa mu fayilo ya devicetree, yofotokoza zipangizo zimene zili pa bolodi, ndipo Linux imangokhulupirira zimene yapeza m'menemo.

Devicetree inachokera ku Open Firmware, imene inakhala muyezo wa IEEE 1275 m'chaka cha 1994. Linux inayamba kuigwiritsa ntchito pa mapurosesa a PowerPC, kenako a ARM cha m'ma 2011. Ku OpenWrt, Linux yopangidwira ma rauta, ma rauta a tchipu za Atheros poyamba ankafotokozedwa m'mafayilo a C mu foda ya ar71xx, ndipo kuyambira pa OpenWrt 19.07 anayamba kusamukira ku foda ya ath79, kumene bolodi iliyonse ili ndi fayilo yake ya devicetree, ya .dts. Mbiriyi sindikhalitsapo, chimene ndikufuna tione ndi fayiloyo.

Pansi pa node (chigawo cha fayiloyo) ya flash pali node ina yotchedwa partitions, yokhala ndi mzere wakuti compatible = "fixed-partitions". Pansi pake pali magawo atatu. Loyamba ndi u-boot, la bootloader, reg = <0x000000 0x020000>, kutanthauza kuti liyambira pa 0 ndipo kukula kwake ndi 128 KB. Lachiwiri ndi firmware, liyambira pa 0x020000, kukula 0x3d0000, ndiye 3904 KB. Lachitatu ndi art, pa 0x3f0000, kukula 0x010000, 64 KB zomalizira. Ndinatenga pepala n'kuwonkhetsa: 128 ndi 3904 ndi 64 zikukwana 4096 KB ndendende, palibe byte yotsala. Ndikukulimbikitsani anzanga amene mukuphunzira izi kuti muziwonkhetsa nokha chonchi, chifukwa manambala a hex, awa oyamba ndi 0x, amasiya kuopsa mukangowagwira ndi pensulo.

Gawo la art ndi limene landiphunzitsa zambiri. Dzinali likuchokera ku Atheros Radio Test. Kufakitale, wailesi ya rauta iliyonse imayezedwa payokha, ndipo zotsatira zake zimalembedwa m'gawo limeneli, pa 0x1000 kuchokera pamene gawolo liyambira, ma byte 1088. Dalaivala wa ath9k, pulogalamu yoyendetsa wailesiyo, amawerenga pamenepo kuti adziwe mphamvu yoyenera kutumizira Wi-Fi. Firmware mukaifufuta mutha kuitsitsanso pa intaneti. Koma art ya rauta yanu ili pa kachipu kanu kokha. Ikapita, Wi-Fi imaleka kudzuka, ndipo kukopera ya rauta ina kumangokhala kuphimba bala, chifukwa miyezoyo ndi ya wailesi ina. Adilesi ya MAC, nambala yozindikirira rauta pa netiweki, nayo ili pamalo ake, ma byte 6 pa 0x1fc00 m'gawo la u-boot. Ndiye chifukwa chake magawo awiriwa ali ndi mzere waufupi wakuti read-only. Kamzere kameneka ndimakalemekeza kwambiri. Amene anakalemba ankaganizira munthu amene sadzakumana naye, wongofuna kuti intaneti ya kunyumba kwake iziyenda bwino, n'kumutchingira kuti asawononge chinthu chosabwezeretseka.

Tsono funso ndi lakuti, ndani amaona ngati fayilo ya .dts yalembedwa bwino? Kwa zaka zambiri malamulo a mmene node iyenera kuonekera ankalembedwa m'mafayilo a .txt, owerenga anthu okha. Kuyambira pa Linux 5.0 mu 2019, malamulowa anayamba kulembedwa mu YAML motsatira json-schema, kudzera mu chida cha dt-schema chimene Rob Herring anachitsogolera. A magawo a flash ali mu Documentation/devicetree/bindings/mtd/partitions/fixed-partitions.yaml. Mukalamula make dtbs_check, kompyuta imafananiza devicetree yanu ndi malamulowo. Mukalakwitsa dzina la property, kapena mukaika mawu pamene pafunika nambala, imakuuzani nthawi yomweyo.

Izi n'zothandiza ndithu, koma ndaona kuti zili ndi polekezera. Schema, ndiye malamulo a mu YAML aja, imaona maonekedwe a zolembedwa. Siingadziwe kuti fakitale inalembadi miyezo ya wailesi pa 0x3f0000. Munthu atakopera fayilo ya rauta ya 4 MB n'kuiika pa ya 8 MB osasintha nambala, zonse zidutsa bwinobwino pa dtbs_check, pamene art yeniyeni ili kutali, kumapeto kwa kachipu kakakuluko. Akangokulitsa gawo la firmware mosasamala, tsiku loika firmware yatsopano ndi tsiku limene art ithere. Choonadi cha manambalawa chimachokera kwa munthu amene analumikiza chingwe cha serial, n'kuwerenga zimene bootloader ikulemba poyaka, n'kukopa flash yonse ndi kuisanthula ndi hexdump. Kwa ine, ntchito yeniyeni ili pamenepo, ndipo YAML imabwera pambuyo kudzasunga zimene munthuyo wapeza.

Palinso nkhani ya kufufuta. Flash ya mtundu wa NOR, ngati ya mu rautayi, polemba imangotembenuza 1 kukhala 0. Kuti ibwerere ku 1 pamafunika kufufuta buloko yathunthu, kawirikawiri ya 4 KB kapena 64 KB, ndipo ma byte onse amakhala 0xff. Choncho malire a gawo ayenera kugwera pa malire a buloko. Akapanda kutero, Linux imalikakamiza gawolo kukhala longowerenga, kuopa kuti pofufuta ingatengere limodzi za gawo loyandikana nalo. Mukaona kuti manambala onse a magawo aja akuthera ndi maziro anayi, chifukwa chake ndi chimenechi.

ESP32, kachipu kena ka Wi-Fi ka m'zipangizo zing'onozing'ono, inasankha njira ina: tebulo la magawo limalembedwa mu CSV, n'kusinthidwa kukhala ma byte oikidwa mu flash momwemo pa 0x8000, kotero bootloader ndi pulogalamu zimawerenga mapu amodzi. Ndikuona kuti imeneyi ndi nzeru yabwino, ngakhale siingathandize pa rauta imene inatuluka kale m'fakitale ndi bootloader yake.

Panopa ndikuwerenga za nvmem-layout, njira yofotokozera tizigawo ta mkati mwa gawo, monga ma byte 6 a MAC aja, kuti dalaivala azitiitana ndi dzina. Ngati nanunso mwayamba kuyeserera pa rauta yakale, musanalembemo chilichonse lowani mu rautayo kuchokera pa kompyuta ndi ssh, onani mndandanda wa magawo mu /proc/mtd kuti mudziwe nambala ya art ndi ya u-boot, mukope magawo awiriwo ndi lamulo la dd, ndipo mafayilowo muwasunge pa kompyuta ina.