Diso la mayi wothyola tiyi

Sabata yathayi ku kiliniki ya ma ARV inayenda monga mwa masiku onse: mzere kuyambira m'bandakucha, kutenga magazi a viral load (kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi), kusaka amene anasiya kubwera. Makatiriji a makina oyezera CD4 (maselo a chitetezo cha m'thupi) anatha kalekale, ndipo tikafunsa amangoti ali m'njira.

Koma Lachitatu landisowetsa tulo. Kunabwera mayi wina wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. "Adokotala, diso lakumanjali ndikungoona utsi, ndi timadontho takuda tikuyandama." Nditaunika m'katimo ndinapeza retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso komwe timaonera, ili ndi zigamba zoyera zosakanikirana ndi magazi. Ndi nthenda ya CMV, kachilombo kamene kamawononga retina. Anzanga mukudziwa, imeneyi imabwera CD4 ikatsika pansi pa 50, ndipo pamene yadya sipabwereranso. Mayiwa anabwerera pa mankhwala mwezi watha atasiya nthawi yaitali. Makatiriji akanakhalapo tikanadziwa kuti chitetezo chatheratu, tikanawaunika maso tsiku lomwelo.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mankhwala oyamba kuvomerezedwa a mtundu wa antisense (otsekereza uthenga wopangira mapuloteni m'selo) anali a nthenda yomweyi. Dzina lake fomivirsen, ku America anawavomereza mu 1998. Ndi kachingwe kakafupi ka DNA, ka zilembo 21 zokha, kopangidwa kuti kagwirane ndendende ndi mRNA (uthenga wochokera ku DNA) ya kachilomboka. Selo imawerenga mRNA popanga mapuloteni, ndiye kachingweko kakamatirira pamenepo, puloteni imene CMV imadalira kuti iswane sipangidwanso. Ankabaya m'diso momwemo. Patangopita zaka zochepa anawachotsa pamsika, chifukwa ma ARV anali atachepetsa odwala otere ku Ulaya ndi ku America. Kwaoko nkhani inatha. Kuno odwalawo akubwerabe, ochokera m'mizere ya tiyi ndi m'midzi ya kumapiri.

Sindikuti atibwezere fomivirsen. Valganciclovir wakumwa alipo ndipo amathandiza, koma ku famase kwathu kulibe. Tinalemba kalata yotumiza mayiwa ku Blantyre, ambulansi n'kukhala yopanda mafuta mpaka Lachisanu. Mwana uja anandifunsa, "Ndiye amayiwa adzaonanso?" Ndinamuuza zoona: lakumanja lavuta, tikulimbana kuti tipulumutse lakumanzere.

Pamsonkhano wa Lachinayi akuluakulu anathera nthawi yonse pa malipoti ochedwa. Nditadzutsa nkhani ya makatiriji anandiuza kuti ndiilembe pa pepala. Ndailemba, ndipo ndapempha kuti aliyense wobwerera pa mankhwala tizimuunika maso, CD4 ikhalepo kapena ayi.