Policy ya malemu inali itafa kale

Lachitatu m'mawa ndinapeza mayi wina atakhala pa benchi panja pa ofesi yathu ku Limbe, atafunda chitenje, m'manja muli jumbo ya mapepala. Ndinawazindikira. Amuna awo ndinawalembetsa ndine inshuwalansi ya maliro zaka zinayi zapitazo, titakhala pansi pa mtengo kuseri kwa fakitale yomwe ankagwirako ntchito. Thupi linali ku mochale, abale akudikira ndalama ya bokosi ndi ya galimoto yopita ku Thyolo.

Nditalowetsa nambala mu kompyuta ndinangoti kakasi. Policy, mgwirizano wa inshuwalansi uja, inafa miyezi isanu yapitayo poti ndalama sinkalowa. Mayiwo anatulutsa mapepala a malipiro a malemu, osanjidwa bwinobwino, ndipo mwezi uliwonse ndalama inkadulidwa. Kufakitaleko ankadula koma osatumiza kwa ife. Nanga ife? Kalata ayi, ngakhale uthenga wa pafoni. Amene ankalondoloza zimenezi anasiya ntchito chaka chatha, ndipo pa desiki pake pali fumbi mpaka lero.

"Ndiye ndikawauze chiyani anthu kumudzi, achimwene? Paja munati tikadzaona zovuta tidzangobwera."

Ndinatidi choncho, ndi pakamwa panga pomwe.

Nditakwera kwa abwana, yankho linali lakuti ndilembe lipoti, komiti ikumana sabata yamawa. Maliro amadikira komiti?

Abwana omwewa ndi amene kumaphunziro amakonda kutisimbira za Edward Lloyd, yemwe cha m'ma 1688 anali ndi malo omwera khofi ku London komwe eni zombo ndi amalonda ankakumana. Amatiuza kuti tizinyadira poti ntchito yathu ndi yakalekale. Chomwe amadumpha ndi ichi: wovomera kuteteza chombo ankalemba dzina lake pansi pa pepala la mgwirizano, ndipo chombo chikamira ankapisa m'thumba mwake. Kwathu kuno dzina lomwe kasitomala amalidziwa ndi langa, koma mphamvu yotulutsa ngakhale tambala ndilibe.

Masiku enawo ndi monga mukudziwira anzanga ogulitsa inshuwalansi. Lolemba msonkhano wa ma target, kuchuluka kwa malonda omwe aliyense ayenera kugulitsa, kutikumbutsa kuti wogulitsa weniweni sachita manyazi, amapirira akamakanidwa, amavala bwino. Zoona, sindikana. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akayerekeza thumba la ufa ndi policy amasankha ufa, ndipo tayi yako sisintha kanthu. Lachiwiri ndinaswera ndi eni minibasi awiri ofuna third party (inshuwalansi yolipira anthu ena galimoto ikawachita ngozi) yotchipitsitsa, yongoti apolisi apamsewu awone pepala pagalasi.

Lachinayi lonse ndinakhala pakhomo pa akauntanti wa kufakitale kuja. Anandizemba kawiri, ati ali mu msonkhano. Ndinagula chimanga chootcha pageti, n'kubwerera pa mpando womwewo. Cha m'ma 4 koloko anandipatsa kalata yovomera kuti ndalama ankadula. Kupirira kumene amatiphunzitsa kuja n'kopezera siginecha ya kasitomala watsopano. Kwa tsiku ngati limeneli kulibe komishoni, ndipo palibe amakuwerengera.

Lachisanu ndalama sinatuluke. Bokosi anagula ndi ya katapila.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Thyolo, ndinapereka chipepeso changa kwa amfumu n'kukhala kumbuyo. Mwambo uli mkati ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "A inshuwalansi aja ndi awo." Sindinadikire nsima. Failo ija ili pa tebulo la abwana, kalata ya akauntanti ili pamwamba.